Mapiritsi Amene Alamu Sanatchule

Nkhaniyi anandiuza ndi mayi wina wokolopa m'chipatala, titakhala mpando umodzi m'basi. Okolopa amamva zambiri, chifukwa anthu akamakangana samuwerengera munthu wogwira mopu.

Akuti mmisiri wina wokhoma malata anaterereka padenga n'kumenyetsa mutu pa njerwa. Anathamangira naye kuchipatala mkulu wake, yemwe ankagwira naye ntchito, pamodzi ndi kapitawo wawo. Madokotala anatsegula chigaza n'kuchotsa magazi amene ankapanikiza ubongo. Mkazi wake uthenga unamupeza mochedwa, moti pofika opaleshoni inali itatha.

Anapeza mwamuna wake ali chikomokere, mutu wonse m'mabandeji. Kapaipi kochokera m'mutumo kankatsikira m'botolo pambali pa bedi, ndipo botololo linkadzaza iye akuona. Nesi anasintha, linayambanso kudzaza. Bandeji nayo inafiira chakukhutu.

Mkaziyo anapisa m'chikwama n'kutulutsa kabokosi ka mapiritsi.

"Sisita, awa ndiwamwetsa bwanji poti sakumeza? Samadumphitsa tsiku."

Nesi anawerenga kabokosiko kawiri. "Anayamba liti kumwa?"

"Chaka chachiwiri chino. Magazi anaundana m'mwendo."

"Mayi, awa ndi oletsa magazi kuundana. Adokotala anafunsa asanadule, anauzidwa kuti bambowa samwa mankhwala alionse."

Nesi anathamanga kukaitana dokotala. Mayiyo anatulukira pakhonde, pomwe mlamu wake, mkulu wa mwamuna wake uja, anakhala pa benchi ndi kapitawo, onse nsapato zili mbuu ndi simenti.

"Alamu, anakufunsani za mankhwala?"

"Anafunsa."

"Munayankha chiyani?"

Mkuluyo anasuzumira kwa kapitawo, kenako anatsitsa mawu. "Mlamu, akapitawo anali pomwepo. Akanamva zoti amamwa zimenezo, akanamulolanso kukwera padenga? Mwini wake anandilumbiritsa kuti pantchito asadziwe munthu."

"Dokotala ndi wa pantchito panu? Munthu chigaza chaphwanyika, inu muli kalikiliki kumusungira ntchito. Akakhoma malata kumanda?"

"Ndimati akangosoka basi zatha."

"Mumati. Si inu munamuperekeza tsiku lomwe anamulembera mapiritsiwa? Adokotala anati akangodzicheka ndi lezala athamangire kuno, inu mukumva. Lero amudula mutu ndi mpeni, inu duu. Ukulu wanu ndi wa ndevu basi."

Kapitawo anati athandize. "Mayi, mtima pansi."

"Inunso musandiyambe. Anthu anu amakuopani kuposa imfa, ndiye mumayesa ndi ulemu umenewo?"

Pamenepo dokotala anatuluka m'chipinda muja. Anati wamuunika m'maso ndi tochi, mwana wa diso lakumanzere wakula: magazi adzazanso mkati, ayenera kutsegulanso pompano. Ampatsa jakisoni wobweza mphamvu ya mapiritsi aja, koma pafunikanso magazi ambiri.

"Mukanandiuza m'mawa, jakisoniyu akanayambira," anatero, osayang'ana aliyense.

Mkuluyo anaimirira n'kupinda mkono wa malaya. "Tengani anga."

"Perekani," anatero mayiyo. "Pakamwa panakanika, mwina mkono uthandiza."

Pepala lachilolezo mayiyo anasaina yekha. Anatchula zonse, ngakhale mankhwala a chimfine a mwezi watha, mpaka nesi anati zakwana. Anatsatira machira mpaka pachitseko cha chipinda cha opaleshoni n'kuima pomwepo. Mlamu wake atayandikira, sanamutembenukire.

"Akafa, mukawauze nokha amayi anu. Ine sindikakubisirani."

Wokolopayo akuti patapita maola anayi bamboyo anatuluka akupuma, ndipo patapita miyezi iwiri anapita kwawo pa njinga ya olumala, dzanja lamanja litafa, dzina la mkazi wake lokha ndilo ankatha kulitchula bwino.

Za mapiritsi ndi za mkanganowo ndimakhulupirira. Za kuchirako ndimakayika. Nditamufunsa ngati anamuona ndi maso ake akutuluka, anati sabata imeneyo anali atamusamutsira kuwodi ya ana, anangomva kwa anzake. Ine ndikuganiza kuti bamboyo sanadzuke, ndipo wokolopayo sanafune kundiuza.