Amayi Anakana Loboti

Tayamika ankadikira m'galimoto pamene amayi ake, a Margreth, anatuluka m'chipatala cha mumzinda wa Perth akukonza masiki. Malamulo a Kovidi ankalola woperekeza mmodzi, koma iye anakana kulowa. Mwana wamwamuna sakhala pamene akukamba za chiberekero cha amayi ake.

"Ati bwanji adokotala?" anafunsa, maso ali kutsogolo.

"Akuti zotupazo zakula, achotse zonse. Njira zilipo ziwiri, zonse zoboola timabowo pamimba. Ya makina a loboti malo alipo mwezi uno. Ya manja ndidikire pamzere."

"Ndiye mwasankha iti?"

"Ya manja. Ayesa kundinyengerera, ine ayi. Iwe, kuntchito kwanga kosamalira okalamba ku Midland makina owanyamulira aja amatha batire agogo ali m'malere. Ndiye andithere ali m'mimba mwanga?"

Anaseka okha. Tayamika ankadziwa kuti loboti siyenda yokha, kuti dokotala yemweyo amakhala pambali n'kumayendetsa zida ndi zala zake. Anali ataonera pa foni. Koma kuti afotokoze bwino, anayenera kutchula polowera zidazo ndi potulukira chiberekerocho. Analiza galimoto n'kufunsa ngati adzere kusitolo ya ku Mirrabooka kukagula usipa.

Malire amene anatsekedwa chifukwa cha Kovidi atatsegulidwa, matendawo analowa mu Perth, ndipo maopaleshoni osafunika changu, kuphatikizapo wa amayi ake, anaimitsidwa. A Margreth anayamba kujomba kuntchito. M'mawa uliwonse pachingwe pankakhala nsalu zapabedi zochapa kumene. Tayamika ankazianula zikauma, n'kuzipinda bwino, osafunsa kanthu.

Tsiku lawo litakwana, madokotala anapeza kuti chotupa chimodzi chinali khansa, ndipo inali itafalikira.

Anti Chilekwa, namwino wa ku Zambia amene ankapemphera nawo, anamukokera Tayamika kukhitchini.

"Taya, sembe unaniuza chabe, nikanakamba nao ine. Loboti na manja ni chimozimozi, dokotala ni umozi. Chamene anataya ni nthawi."

"Zikanathandiza, anti?"

"Siniziba, mwana wanga. Sinizakunamiza."

A Margreth anabwerera kunyumba. Mng'ono wawo wa ku Lilongwe ankadikirabe viza yoti abwere kudzawasamalira, ndipo Anti Chilekwa ankabwera pokhapokha akapuma kuntchito. Masana ena Tayamika anamva kugwa kubafa. Anaima pachitseko, anagogoda, kenako analowa. Anawapeza pansi, akuyesa kudziphimba ndi thaulo laling'ono.

"Tuluka," anatero amayi ake motsitsa mawu.

Sanatuluke. Anawadzutsa n'kuwakhazika pampando. Anali opepuka ngati mwana. Anatsegula madzi, anawayesa ndi chigongono monga iwo ankachitira ndi okalamba awo, n'kuyamba kuwatsuka miyendo.

"Pepa, mwanawe. Waona zosayenera kuona."

Tayamika anafinya kansalu.

"Tembenukani, amayi, ndikutsukeni kumsana. Madzi azizira."