Chelo Changa ndi Zitenje za Azakhali

Ndinalota tikuimba atatu m'holo: Chisomo pa vayolini, Yamikani pa piyano, ine pa chelo, chivayolini chachikulu chija timachipana ndi mawondo. Piyano inkachucha madzi ozizira mpaka kumapazi kwanga. Mwadzidzidzi azakhali anga anavuuka m'madzimo atasenza zitenje.

"Iwe Tadala, mwana wamkazi amakhala chotangadza pagulu? Tseka miyendoyo!"

Anandifunditsa chitenje, china, chinanso, mpaka chelo chinayamba kubuula ngati ng'ombe yodwala. Kubuulako ndinkakumva m'nthiti mwanga. Ndinakoka uta woimbira chelo ndi mphamvu zonse, zitenje zinang'ambika n'kuuluka ngati mileme.

"Azakhali, miyendoyi ndi yanga, nyimboyinso ndi yanga!"

Kaya malotowa akutanthauzanji, kaya. Koma Loweruka tikuimbadi, ndipo azakhali ndawasungira mpando wakutsogolo.