Migolo ya Kumanda

Fakitale yathu yakhala ikupanga matiransifoma a magetsi kwa zaka makumi asanu, ndipo zaka zambiri mwa zimenezi bambo anga ndiwo ankakulunga waya wa kopa m'makoyilo. Ine ndinalowa ntchito iwo atapuma kale. Mbali yanga ndi ya zachilengedwe: ndimayeza dothi, madzi ndi mafuta otha ntchito, kenako ndimasayina mapepala amene palibe amawawerenga mpaka zinthu zitavuta.

Chaka chino abwana athu, amene timawatchula kuti a Tayi chifukwa savula tayi ngakhale pafupi ndi uvuni, anaganiza zokumba mjigo kuseri kwa kantini. Ankati ndi mphatso ya chikondwerero cha zaka makumi asanuzo kwa antchito ndi mabanja oyandikana ndi mpanda. Chinangotsala ndi siginecha yanga.

Mutu wanga unali pa mafuta akale. Poyamba m'matiransifoma ankathiramo mafuta apoizoni osawola, oti akalowa m'nthaka amadikira zidzukulu. Analetsedwa ine ndili kupulayimale. M'buku lakale la folomani ndinapeza mzere umodzi wokha: "Migolo khumi ndi inayi, kumanda." Pafakitale aliyense amakudziwa kumanda, ndi kumpanda wakumunsi komwe timaunjika matiransifoma akufa. Ndinakumbitsa maenje asanu ndi limodzi kumeneko, labotale inati dothi lili bwino. Migolo sindinaione, ndinangoti anaichotsa kale.

Loweruka ndinatengera bambo kalata ya a Tayi. Ankafuna kuwaveka mendulo pachikondwerero ndi kulemba dzina lawo pa mjigo. Ndinawapeza pakhonde akukonza wailesi ya aneba.

"Mjigowo akumba pati?" anafunsa.

"Kuseri kwa kantini, pamtengo waukulu paja."

Anaika wailesi pansi. "Wayeza pamenepo?"

"Ndayeza kumanda, bambo. Buku likuti kumanda."

"Kumanda kwako ndi kuti?"

Ndinawauza. Anapukuta manja pa thalauza ngakhale analibe litsiro.

"Mwanawe, uko ndi kumanda kwatsopano. Tinasamutsa zitsulo chaka chomwe ankamanga kantini. Dzina linapita ndi zitsulo, migolo inatsala."

"Inuyo mukudziwa bwanji?"

"Dzenjelo ndinakumba ndine ndi anzanga atatu. Iwowo ali kumanda enieni tsopano. Mtengo uja tinabzala kuti pasamaoneke."

Ndinapsa mtima, sindibisa. Zaka zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikudyera nkhomaliro pansi pa mtengo umenewo, ndipo munthu amene ankandikoka khutu ndikataya pepala la switi pansi anali chete. Makina obowolera akanadutsa pa migoloyo n'kutsitsira mafuta m'madzi a anthu, ine nditasayina.

"Bwanji simunanene?"

"Masiku amenewo tinkasambira m'manja mafutawo, kuchotsa girisi. Pamene tinkamva kuti ndi poizoni tinali titakwirira kale. Ndinachita manyazi, basi. Mawa, mawa, mpaka ukalamba."

Mkwiyo utatsika ndinawamvera chisoni. Ndinati ndingonena kuti ndatulukira ndekha, iwo alandire mendulo yawo mwamtendere.

"Ukakumba molotera, ubowola mgolo," anatero. "Ine ndikudziwa mmene inagonera."

Lolemba bambo anafika kufakitale atavala ovolosi yawo yakale, yothina pamimba. A Tayi anatuluka kudzawalandira ndi manja awiri, koma bambo anangowapatsa moni n'kupita pakhoma la kantini. Anawerenga mapazi khumi ndi awiri, n'kukhoma ndodo.

"Yambirani apa, ndi mafosholo. Makina ayi."

Lachitatu masana fosholo inagunda chitsulo. Migolo inali m'mizere iwiri monga ananenera, itatu itadontha, dothi lozungulira lili bii. Mtengo unadulidwa, kantini inatsekedwa, mjigo unaimitsidwa. A Tayi anamasula tayi koyamba m'mbiri ya fakitale, ndipo za mendulo sanazitchulenso.

Pa fomu yonenera za malo oipitsidwa pali mzere wofunsa amene anakwirira zinthuzo, ngati akudziwika. Ndinaudumpha, n'kusayina m'munsi. Bambo anali ataima pambali panga akuwerenga ndi magalasi awo othyoka mwendo.

"Apa wasiya bwanji?"

"Sikofunika kwenikweni, bambo."

"Ankafuna dzina langa pa mjigo. Malo ake ndi ano."

Anandilanda cholembera n'kulemba pang'onopang'ono, ndi zilembo zikuluzikulu, dzina la banja lathu, lomwelo limene ndinali nditasayina kale m'munsi mwa pepala.