Wazinga Ndani Mbuziyi?

Mbuzi inafa Simioni akuiyang'ana, kuseri kwa nyumba yake ku Nkopola. Inali itatupa mimba kuyambira dzulo lake, kaya idadya jumbo kaya chingwe cha ukonde wakale, ndani angadziwe. A Mustapha, oyandikana naye nyumba amene adalonjeza kudzaizinga, anali adakali ku mapemphero a Idi, chikondwerero cha Asilamu. Tsoka silinunkha.

Mbuziyi sinali ya ndiwo chabe. Mwana mmodzi yekhayo wa Simioni, Malita, adalowa Chisilamu n'kukwatiwa ndi Che Dinala wa kwa Mponda, dzina n'kukhala Zena. Simioni, mkulu wa mpingo wouma mutu, sadapondeko ku ukwatiwo, ndipo adalankhula mawu amene munthu salankhulira mwana wobereka yekha. Tsopano Zena anali ndi khanda limene agogo ake anali asanalione. Mkamwini adatumiza uthenga waufupi, kuti abwere pa Idi, tsiku limene anthu amapatsana nyama, khomo likhala lotsegula. Kupita chimanjamanja pa tsiku lotero, pambuyo pa zonse zija, Simioni zinamuchititsa manyazi.

Anatenga mpeni n'kudula khosi la mbuzi yakufayo. Magazi anatuluka pang'ono, akuda bii.

A Mustapha atafika mu mkanjo wawo woyera, anangoyang'ana pansi n'kupukusa mutu.

"Iyi yafa yokha, achimwene. Kwa ife ndi haramu, siidyedwa."

"Koma ndaidula pakhosi."

"Mwadula mtembo. Pitani ndi manja anu okha, akakulandirani."

Kumuuza Simioni kunali ngati kuthira madzi pamsana pa bakha. Anasenda mbuzi ija, n'kukulunga mwendo wathako m'masamba a nthochi, n'kumanga pa njinga. M'njira monse ankadzitonthoza yekha kuti nyama ndi nyama, moto umayeretsa zonse, ndipo Mulungu amene adalenga mbuzi sangakwiye chifukwa cha mwendo umodzi.

Kwa Mponda kunali kununkhira mpunga. Ana ovala zatsopano ankayenda khomo ndi khomo ndi mbale zovundikira. Che Dinala anamuchingamira pa mpanda, n'kumupatsa moni ndi manja awiri.

"Takulandirani, bambo. Mwatichitira ulemu." Anavundukula masamba aja. "Pepani, sikuti ndikukukayikirani, koma lamulo lathu limatero. Wazinga ndani?"

"A Mustapha," lilime linayankha lokha.

"Alhamdulillah, Mulungu atamandike. Ndimawadziwa amenewo."

Zena anatuluka atafunda mpango, n'kugwada patali pang'ono. Anali atawonda.

"Ababa."

"Mwana wanga," anatero Simioni, poti mayina onse awiri anamukanika kutchula.

Anamuyalira mkeka pakhonde, ndipo Zena anamuika khanda lija pamiyendo. Kanali kamnyamata kotentha ngati mbatata yowotcha, ndipo kanagwira chala chake chokakala ndi zingwe za maukonde, osachitaya. Simioni anakondwa kwambiri, mpaka chimwemwe chakecho chinamuopsa.

"Nyama ya kwathu ndiphika ndekha," anatero Zena. Bambo ake akuona, anaidula nthulinthuli n'kuithira mumphika waukulu momwe munali kale nyama ya nsembe ya banjalo, yoti agawire abale, oyandikana nawo ndi osauka. Simioni anatsegula pakamwa, koma khandalo linayasamula, iye n'kutsekanso. Chibale n'fupa sichiwola, anadziuza choncho.

Nyama itapsa, Zena anandandalika mbale za anthu, n'kubwera ndi kambale kake kudzakhala pafupi ndi bambo ake.

"Chilowereni m'banja muno sindinadyepo kanthu kochokera m'manja mwanu," anatero akumwetulira. "Anthu amandifunsa ngati ndili ndi kwathu. Lero aona."

Anati bismillah, m'dzina la Mulungu, n'kutola nthuli.

Simioni anayang'ana nkhope ija. Mwanayu ankamukhulupirira, ngakhale adamutukwana tsiku lija. Anadziwa kuti akakhala chete abweranso pakhomo pano mawa ndi mkuja, ndipo ulendo uliwonse azidzamuyang'ana m'maso ndi chinthu chimenechi pamtima.

"Usadye."

Dzanja la Zena linaima m'malere.

"Inafa yokha. A Mustapha anakana. Ndinaidula itafa kale."

Palibe anakuwa. Akadakuwa bwenzi zili bwino. Che Dinala anayang'ana mphika uja, n'kuyang'ana mbale zimene zinali zisanachoke pakhomo, kenaka anawerama n'kunyamula mwana wake pamiyendo ya apongozi ake mofatsa, akumasula tizala tija kamodzikamodzi.

"Ndinakufunsani, bambo," anatero motsitsa mawu, n'kulowa m'nyumba.

Zena sanalire. Anabwezeramo nyama ya m'mbale zija, n'kunyamula mphika wonse, nsembe ya chaka chathunthu, n'kukakhuthula kudzala, agalu a m'mudzi akuthamangirako. Kenaka anakhala pansi kuseri n'kuyamba kuukwecha ndi mchenga, mutu uli pansi.

"Ndapita," anatero Simioni.

Zena anapitiriza kukwecha mphika uja.

Anakankha njinga yake mpaka pamsewu wa tara, dzuwa likuswa mtengo. Apo m'pamene anaima, atazindikira kuti dzina la mdzukulu wake sanafunse.