Ulusi Woyera pa Mizu ya Msuku

Aliness anapeza Mayi Anastazia ataima pakhomo la labu, kambande ka msuku kali m'manja, mizu ili m'mwamba ngati nkhuku yopita nayo kumsika.

"Aphunzitsi, tabwerani. Ichi n'chiyani?"

Mayi Anastazia anali wapampando wa komiti ya makolo pa sekondale ina ya kufupi ndi Nazombe, pamene Aliness ankaphunzitsa sayansi ya zamoyo. M'mawa umenewo makolo anabwera kudzasesa pasukulu, ndipo tsache la wina linagwetsa chubu chimodzi cha mbande. Dothi litakhuthuka, mizu inaonekera. Nsonga zake zinali zotupa, zokutidwa ndi tinthu toyera ngati ulusi wa kangaude.

"Chuku ichi," anatero Mayi Anastazia, osadikira yankho. "Komanso tamva kumene munatenga dothi. Ife ana athu sadzadya masuku a kumanda. Mbande zonse za dothi limenelo tiziwotche lero lomwe, zisanapatsire zinzake."

Zinali zoona, dothilo linachokera kumanda. Sukulu inkafuna kubwezeretsa misuku m'mbali mwa phiri, momwe nkhwangwa zinasiya zitsa zokhazokha. Bungwe lina linapereka sola ndi nyale zamitundu iwiri zolerera mbande m'nyumba nthawi yozizira, zina zowala mtundu wa pepo, zina zoyera. Rodney, mphunzitsi wa fizikisi, anazipachika pa mashelefu awiri m'chipinda chosungira katundu, ndipo m'mawa uliwonse ankayeza mbande ndi rula kuti aone nyale zopambana. Anapeza kuti pansi pa nyale zapepo mbande zinkakhala zazifupi, ndipo pansi pa zoyera zinkatalikirapo. Koma pa mashelefu onse awiri masamba ankasanduka achikasu n'kumayoyoka.

Aliness anali atawerenga kuti msuku sukula wokha, umafuna bowa wina wosaoneka ndi maso wokhala m'dothi la pansi pa misuku ikuluikulu. Koma misuku ikuluikulu m'dera lonselo inatsala malo amodzi okha, kumene munthu salowa ndi nkhwangwa. Iye, mlendo wochokera ku Dowa, sakanayerekeza kupita kumeneko. Anangotchula nkhaniyi potuluka m'tchalitchi, ndipo mawa lake anapeza ndowa ya dothi lakuda pakhonde pake. Anaibweretsa aGoliati, mkulu wa adzukulu okumba manda, amene ankakhala naye benchi limodzi la kwaya.

"Ndatapa m'mphepete, kunja kwa mitumbira," anatero aGoliati tsiku limenelo. "Ogonawo sangadandaule ndi ndowa imodzi."

Aliness anasakaniza dothilo m'machubu theka la shelefu iliyonse. Mbande za m'machubu amenewo zinabiriwira, kaya zili pansi pa nyale zapepo kaya zoyera.

Tsopano aGoliati anali ataitanidwa. Anakhala pa sitepe ya labu, chipewa chili pabondo, ndipo amayi ena ankawadutsa patali atakokera ana awo kumbali. Aliness anadziwa kuti mbande zikapsa, dzina la mkuluyo lipsera pamodzi, ndipo mawu oti ufiti, amene palibe anali atawatchula mokweza, adzawatsata mpaka kunyumba.

"Mayi," anatero motsitsa mawu, "ndipatseni kanthawi ndione muzuwu pa maikulosikopu. Mukaona kuti ndi matenda, machesi ndikupatsani ndine."

"Kanthawi kokha. Anthu ali ndi chinangwa choti akakumbe."

Atalowa m'labu, Aliness anatsamira tebulo. Bowa ameneyu anali asanamuonepo ndi maso ake, ankangomudziwa pa zithunzi za m'mabuku. Nanga bwanji ngati amayiwo akunena zoona, n'kupezeka kuti ndi chuku chowoletsa mizu? Ndiye kuti adzakhala atalowetsa m'mavuto munthu amene anangomuchitira chifundo. Anatseka maso. "Ambuye, musandionetse zimene ndikufuna. Mundionetse zimene zilipo, ndipo mundipatse pakamwa poti ndizinene."

Anatsuka muzu m'kambale ka madzi, n'kutenga lezala latsopano. Kachidutswa koyamba kanali kokhuthala. Kachiwiri kananyenyeka. Rodney analowa akupukusa mutu.

"Madamu, panja pavuta. Wina wayamba kale kusonkhanitsa udzu. Ine ndawauza kuti akawotcha ayambe ndi ine, koma palibe waseka."

"Gwirani muzuwu apa, aRodney. Musapume."

"Ndisapume? Mwayamba kupha anthu inunso?"

Koma anagwira, ndipo sanapume. Kachidutswa kanatuluka kopyapyala ngati khungu la anyezi. Aliness anakaviika m'viniga wosakaniza ndi inki ya buluu, n'kufunditsa pang'ono pa kandulo kuti ulusi wa bowa umwe mtunduwo. Kenaka anakatsuka n'kukaika pa kagalasi.

Maikulosikopu a pasukulupo anali akale, a kalilole pansi wotapa kuwala kwa dzuwa. Tsiku limenelo chiperoni chinali chitaphimba phiri lonse la Mulanje, ndipo pawindo pankalowa kuwala kotuwa kwa mitambo. Aliness anatembenuza kalilole uku ndi uku. Munali mdima wokhawokha.

Rodney anatuluka. Anabwerera atanyamula nyale yapepo, chingwe chikukwekwereka pambuyo. Nyalezi ankaletsa ngakhale ahedi kuzikhudza, poopa kusokoneza miyezo yake.

"Timu yanga iyi," anatero. "Ionetse mphamvu."

Aliness anasuzumira. Zonse zinali zapepo, muzu ndi inki osasiyana. "Sizikuoneka."

"Aa, mwandichititsa manyazi pamaso pa anthu," Rodney anadandaulira nyaleyo, n'kuthamanga kukamasula yoyera.

Kuwala koyera kutagunda kalilole, Aliness anapotoza kachitsulo pang'onopang'ono. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chifunga chinayera, ndipo muzu unaonekera wozungulira ngati mwezi. Kunja kwake kunali chofunda cholukanalukana cha ulusi wa buluu. Ulusi wina unalowa m'kati, ukudutsa m'mipata ya pakati pa tizipinda ta muzu monga dothi lomangira limadutsa pakati pa njerwa. Palibe kachipinda kamene kanaphulika. Palibe pamene panada kapena kuwola. Zinali ndendende monga m'mabuku, koma zokongola kuposa.

Aliness anachotsa diso pa maikulosikopu. Kenaka anadzuka n'kupita pakhomo.

"Mayi Anastazia, lowani mudzaone nokha."

Amayiwo anamanga chitenje mwamphamvu n'kuwerama pa maikulosikopu. Anatseka diso lolakwika, Rodney n'kuwakonza. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Ndikuona zingwe zamanga muzu. Si ndiye kuupha kumeneku?"

"Chinangwa chikawola, m'kati mumaoneka bwanji, mayi?"

"Mumada, mumafewa. N'kununkha komwe."

"Taonani m'kati mwa uwu."

"Muli bwinobwino," anavomera monyinyirika.

Aliness anazula kambande kachikasu, ka dothi wamba, n'kuwaonetsa muzu wake. Unali woonda, wopanda chofunda chilichonse. "Kodwala ndi aka, kopanda ulusi. Ulusiwu umayenda kutali m'dothi kumene muzu sungafike, kukatunga madzi ndi chakudya n'kubweretsera mtengo. Mtengo nawo umaugawira shuga wa m'masamba. Ndipo mvula ikagwa, ulusi womwewu umatulutsa mutu pamwamba pa nthaka. Inu mumauzula n'kukaphika."

Mayi Anastazia anaweramuka. "Mukunena bowa?"

"Bowa, mayi. Umene timadya uja ndi chipatso chabe. Thupi lake ndi limene mwaonali."

Amayiwo anakhala pa kampando ka ana asukulu, manja ali pamiyendo. Atayankhula, mawu awo anali ena. "Tili atsikana tinkakwera m'phirimu ndi malichero. Pansi pa misuku pankachita kufiira ndi bowa. Mitengo itatha, bowa anathanso. Ine ndinkati mvula ndi imene inasintha." Anayang'ana kambande kamene anali atakanyamula mozondotsa m'mawa wonse, n'kukatembenuza, mizu pansi. "Ndiye mukuti tikabzala izi, bowa adzabwerera?"

"Sindingalonjeze chaka chake. Koma popanda izi sadzabwerera."

"Mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa," anatero amayiwo, akuyang'ana lezala lili patebulo. Anaimirira n'kutuluka, ndipo Aliness anawatsatira.

Panja anthu anali atazungulira mulu wa udzu. Mayi Anastazia anawadutsa onse n'kukaima patsogolo pa aGoliati. Anapinda maondo pang'ono, monga amachitira mayi popereka moni kwa munthu wamkulu.

"AGoliati, ndowa yanu ija ikadalipo?"

"Ilipo, mayi."

"Muli mbande zina m'katimu zikufa ndi njala. Mawa mutitsogolere. Inu mukatape, ife tikadikira kumsewu n'kusenza." Kenaka anatembenukira gulu lija. "Inu, udzuwo kaponyeni m'khola la mbuzi. Bwerani mudzaone bowa asanabadwe!"

AGoliati anavala chipewa chawo pang'onopang'ono. Podutsa pafupi ndi Aliness anang'ung'udza mzere woyamba wa nyimbo yoyamika imene kwaya inkaphunzira sabata imeneyo, ndipo iye anayankha mzere wachiwiri chamumtima.

Rodney anaima pakhomo ngati kondakitala wa minibasi. "Mmodzimmodzi! Osakhudza nyale yanga! Ndipo lembani m'mitima mwanu kuti yoyera yawina lero lokha, ligi ikupitirira."

Mzere unatuluka m'labu n'kukhota pakona pa kalasi. Munali azibambo a makasu paphewa ndi amayi obereka ana, ena akuyeserera kutseka diso limodzi asanafike n'komwe. Mayi wina ataona aGoliati pambuyo pake anabwerera m'mbuyo pang'ono, n'kuwakodola kuti alowe patsogolo pake.

Aliness anakhala pambali pa tebulo, akukonza kalilole munthu aliyense akamusuntha. Pakati pa munthu wina ndi mnzake anatenga chubu chatsopano, n'kuwolera dothi lakuda lija limene linakhuthuka pansi. Anabwezeramo kambande kaja, n'kutsindira ndi zala ziwiri mofatsa kuti ulusi usaduke.