Bokosi la Mfuti pa Wilibala

"Ku polisi ine sindigogoda. Ndikangoti phazi pakhomo, sajeni amaimirira, bwana wamkulu n'kundisiyira mpando wake wozungulira uja."

Anatero alamu ake a mayi telala, atakhala pampando wa malemu mng'ono wawo, miyendo atatambalitsa ngati nyumbayo anamanga ndi iwo. Mumsewu monse ankawatchula kuti a Ndimawadziwa, chifukwa ukangotchula bwana aliyense, kaya wa ku banki, kaya wa kuchipatala, kaya amene anaikidwa m'manda kalekale, yankho lawo linali lomwelo. Ntchito yawo yeniyeni inali yogulitsa matayala akale, koma pakamwa ankayendetsa dziko.

Mayi telala anaponda makina ake osokera mwaukali mpaka singano inathyoka. Pathebulo panali kalata yochokera ku ofesi ya ziphaso za mfuti, ndipo anali ataiwerenga mpaka kuiloweza. Inkati chiphaso chimafa pamodzi ndi mwini wake, choncho mfuti ya malemu ikaperekedwe ku polisi pasanathe masiku makumi atatu. Kupitirira apo, wokhala m'nyumba momwe muli mfutiyo ndiye adzayankhe mlandu wosunga chida popanda chilolezo. Wokhala m'nyumbamo anali iye, ndipo tsiku lomaliza linali mawa lake.

Mfutiyo inkakhala kuchipinda, m'bokosi lachitsulo lalitali ngati munthu wamfupi, lomangidwa kukhoma ndi mabawuti anayi. Kiyi wake anali mmodzi yekha. Kiyiyo a Ndimawadziwa anamusolola m'thumba la malemu kuchipatala thupi lisanazizire n'komwe, n'kumuphatikiza pa mpukutu wa makiyi awo umene unkalira m'chiuno ngati belu la ng'ombe.

Malemuyo anali munthu wa golosale, wofatsa mpaka kukwiyitsa. Akuba atamuthyolera sitolo kawiri, anayendera chiphaso miyezi isanu ndi itatu: mafomu, kudinda zala, kalata ya dokotala yoti mutu wake ukuyenda bwino, mboni ziwiri, kenako munthu wa boma kudzagwedeza bokosi kuti aone ngati lalimba. Atapatsidwa mfutiyo, sanaombepo ngakhale khwangwala. Ankangoipukuta ndi kansanza ka mafuta Loweruka lililonse. Mayi telala anagona nayo kumutu zaka zisanu ndi ziwiri akuida ngati mkazi mnzake. Chitseko cha kuchipinda chikamenyetseka, inkagogoda m'bokosimo ngati mlendo wofuna kutuluka. Chimwalirireni mwamuna wake, kuchipindako anali asanagoneko. Ankayala pabalaza pafupi ndi makina.

Tsikulo anapemphanso kiyi, kachisanu ndi chimodzi. A Ndimawadziwa anayamba ulaliki wawo wa masiku onse. Anati mfuti ndi chuma cha banja, sichoka pamtundu chifukwa cha kapepala. Anati boma limene limafika akuba atapita kale lilibe nkhope yolanda munthu chodzitetezera, ndipo mwamuna wopanda mfuti ndi nkhuku yoteteza anapiye ndi mapiko. Mayi telala anawauza kuti ngati akuifuna akafole pamzere monga anachitira mng'ono wawo, adinde zala, dokotala awaunike m'mutu. Apo anaseka n'kunena kuti mzere ndi wa anthu osadziwika.

"Nanga apolisi akabwera, amanga ndani? Inu kapena ine?"

"Mtima m'malo, alamu. Ndilankhula nawo."

Mayi telala anawayang'ana akutuluka, makiyi ali ngwerengwere. Munthu ameneyu chaka chatha anatema kasitomala ndi sipanala pamutu chifukwa chonena kuti tayala lake linali ndi chigamba. Ameneyo ndiye apatsidwe chinthu cholavula moto? Iye maganizo ake anali akuti mfuti zonse za m'nyumba za anthu azisonkhanitse, azisungunule, apange mapoto. Lamulo limapima munthu mmodzi miyezi isanu ndi itatu, koma silipima abale ake.

M'mawa mwake anaitana wowotcherera wa kuseri kwa msika, nkhalamba ya maso ofiira ndi moto wa ntchito yake. Anamuuza kuti loko asamukhudze, adule mabawuti okha, bokosi lichoke lathunthu. Nkhalambayo inagwira ntchito ikucheza. Inati nayonso ikufuna boma liletse mfuti, osati chifukwa cha chifundo ayi, koma munthu wamantha wopanda mfuti amaitanitsa zitsulo za m'mawindo, ndipo ana ake amadya pamenepo. Bawuti wachinayi ataduka, analigoneka bokosilo pa wilibala, kulimanga ndi chingwe, ulendo wa ku polisi n'kuyambika dzuwa lili pamutu.

Msewu wawo unali wa maenje okhaokha. Wilibala inagwa m'dzenje loyamba, kenako lachiwiri, nkhalamba ikutukwana amene anaukonza. Pa dzenje lachitatu mayi telala anaima. Chitsulo chinkalira, gudumu linkalira, koma m'kati mwa bokosi munali zii. Mlendo uja sankagogoda.

Anauza nkhalamba kuti igwedeze. Inagwedeza. Zii.

Apo anakumbukira Lamlungu lina atabwera kutchalitchi, mwana wake wamkazi anamuuza kuti atate aakulu analowa kuchipinda kukafuna mapepala a malo, ndipo anatuluka atanyamula chikwama chachitali cha malemu. Iye anangoti atenge, n'zovala. Ndiye kuti akukankha bokosi lopanda kanthu kupita nalo yekha ku polisi, ngati mbuzi yodzigulira chingwe. Akabwerera kunyumba, mawa apolisi amupeza ndi khoma la mabowo anayi ndi mfuti yosowa. Akapitirira yekha, amufunsa kumene waigulitsa. Ndipo mwini mlandu akhala ali phee pa mulu wa matayala, akuuza anthu za mabwana.

Mkwiyo unamuumitsa milomo, koma unamutsegula mutu. Anauza nkhalamba kuti asadzere njira yachidule, adzere kumatayala, ndipo akafika pamenepo ayende ngati akuperekeza maliro.

Pamatayala panali anthu monga mwa masiku onse: madalaivala odikira zigamba, amayi ogulitsa zipatso, ndi anzawo a a Ndimawadziwa atatu osewera nawo makadi pansi pa mthunzi. Eni malo ataona bokosilo pa wilibala, makadi anawagwa m'manja. Anathamanga, mimba ili patsogolo, n'kudzanong'oneza kuti abwerere nalo kunyumba msanga, nkhani za banja sizikambidwa pamsewu, madzulo abwera akambirane bwinobwino. Mayi telala anayankha ndi mawu oti amve ndi wa kutsidya kwa msewu.

"Alamu, mwachita bwino kutuluka. Ine mkazi wamasiye ku polisi ndikanena chiyani? Ndingokanjenjemera. Inu paja simugogoda. Titsogolereni, mukatilankhulire kwa anzanu aja."

A Ndimawadziwa anati ali ndi kasitomala. Kasitomalayo anati iye sakufulumira. A Ndimawadziwa anati m'mimba simuli bwino chiyambire m'mawa. Mayi wa zipatso anati ku polisi zimbudzi ziliko, ndipo munthu wodziwika ngati iwo amutsegulira cha bwana. Mmodzi wa anzawo a makadi, wadazi, amene anamva za mpando wozungulira kwa zaka khumi, anaimirira n'kukung'untha fumbi kumatako, nati lero lokha akauone ndi maso mpandowo asanafe.

"Mutu ukakula sulewa nkhonya, alamu," anatero mayi telala. "Banja lino mutu ndinu."

Anatsogola. Akanatani? Kumbuyo kwawo wilibala, kumbuyo kwa wilibala mayi telala, kumbuyo kwake anthu khumi ndi awiri osowa chochita. Njira yonse dzanja lawo linali pa mpukutu wa makiyi kuti usalire.

Ku polisi pakauntala panali sajeni wamkazi, wa magalasi, akulemba m'buku lalikulu. Sanadzutse mutu. A Ndimawadziwa anatsokomola, n'kufunsa ndi mawu onenepa ngati bwana wamkulu alimo. Sajeni anawafunsa kuti iwo ndani, ndipo asanamalize kuyankha anawauza kuti aime pambali, athandize kaye mayi ali ndi kalatayo. Wadazi uja anayang'ana kudenga, mapewa akugwedezeka.

Mayi telala anapereka kalata ndipo analankhula mosazungulira. Anati mfuti ndi ya malemu mwamuna wake, bokosi ndi ili, kiyi sanamugwirepo chimwalirireni mwini wake, n'chifukwa chake wabwera nalo lathunthu. Nkhalamba inachitira umboni kuti yadula mabawuti okha, loko ali momwe anamupezera. Sajeni anasuzumira pamwamba pa kauntala, kuyang'ana lokoyo, n'kufunsa amene amasunga kiyi.

A Ndimawadziwa anati zoona kiyi amakhala ndi iwo monga mkulu wa banja, koma mwatsoka amuiwala kunyumba, ndiye bokosi lingotsala, abwera naye sabata yamawa.

"Mwamuiwala bwanji, achimwene?" anatero wadazi mokoma mtima. "Si uyo wamkuwayo? Amene mumatigogodera naye pathebulo mukamati mfuti tsopano ndi yanu?"

Wakuba njinga wina pabenchi anaseka mpaka unyolo wa m'manja unalira. Sajeni anatambasula dzanja. Kiyi anavuta kuchoka pa mpukutu, zala za eni ake zikuterera, mpaka nkhalamba inawathandiza. Chitseko cha bokosi chitatseguka, m'katimo munali kansanza ka mafuta ndi kabuku ka chiphaso, chithunzi cha malemu chikuyang'ana anthu mofatsa monga mwa nthawi zonse.

Sajeni anafunsa kumene kuli mfuti ndi zipolopolo zolembedwa m'kabukuko. A Ndimawadziwa anati zili pabwino kwambiri, kuseri kwa matayala a mathirakitala, anangozisunga kuopa akuba poti m'nyumbamo mulibenso mwamuna. Anafunsidwa ngati ali ndi chiphaso. Anati nkhani ya chiphaso ndi yaing'ono, angowaitanira bwana wamkulu, amadziwana.

Sajeni analemba mizere itatu m'buku lake, kudinda kalata ya mayi telala, n'kumuuza kuti asaine apa ndi apa, kenako akhale pabenchi mpaka mfuti ifike, akatero azipita kwawo. Anatuma apolisi awiri kumatayala. Atatero anavula magalasi, kukankhira mpando kumbuyo, n'kuimirira. Anatukula thabwa la kauntala kuti munthu adutse.

"Lowani, bambo. Vulani lamba ndi zingwe za nsapato, muike apa."