Wokanidwa Asanabadwe

"Ndati sindipita, mayi a Queen. Chotsani njinga yanuyo pakhomo."

Ennie anaima pambali pa mphasa, chitenje chili m'manja. Mwamuna wake, Adamson, anali chigonere atayang'ana kukhoma, mwendo wakumanzere utatupa ngati mtondo. Chitsa cha mtsanya chinamubaya m'munda wa thonje mvula itangoyamba, iye n'kumangoti kabala ka mwana aka. Tsopano kabala ka mwanako kanali katada bii, kakununkha, ntchentche zikuchitirapo msonkhano.

Namwino wa pakiliniki ya kutsidya kwa mtsinje wa Lupande anali atamuuza Ennie pafoni mosapsatira kuti mwendo umenewo ukagonanso pamudzi, akonzeretu makasu okumbira manda. Galimoto yopita ku chipatala chachikulu inali kutsidyako, ndipo dalaivala anati adikira mpaka dzuwa lipendeke basi. Ngati kuti mavutowo anali ochepa, kumtunda kunali kutagwa chimvula. Lupande, yemwe m'mawa ankalekeza m'mawondo, anali akukwera.

Koma bala lenileni la Adamson silinali pamwendo ayi. Munthuyu kutchalitchi ankangopitako pa maliro. Tsiku lina Ennie atamuchonderera, analola, ndipo anakapeza kuti wolalikira ndi mphwake Ruben, amene anabadwa naye mapasa, mkulu wa mpingo. Ruben analalikira za mapasa ena a m'Malemba: wamkulu mlenje wa m'tchire, wamng'ono wokhala pakhomo, ndipo Mulungu anakonda wamng'ono n'kukana wamkulu onse asanabadwe, asanachite chabwino kapena choipa. Ha! Adamson anangouma pa benchi. Woyamba kutuluka m'mimba anali iye. Mlenje anali iye, mpaka anakagonapo m'ndende chifukwa chopha njati. Ruben ndiye anali wa tayi ndi nyumba ya malata. Sabata yomweyo chitsa chinamubaya, ndipo iye anati nkhani yatha, chidindo ndi chimenechi.

"Bambo a Queen, ndakugwirani mwendo, dzukani," anatero Ennie atagwada.

"Mwendo wake uti, wowolawu?" Adamson anaseka kuseka kowawa. "Munthu wokanidwa asanabadwe jekeseni amuchitira chiyani? Mukandichiritsa lero, mawa ndikapsa ndithu. Ndisiyeni ndipite msanga, mlandu wanga unaweruzidwa ndisanayamwe."

Ennie anali atatuma mawu kwa anthu awiri oti amuthandize kunyamula wodwalayo, ndipo onse anafika nthawi imodzi: Ruben, ndi mkulu wake wa Ennie, Peggy, wogulitsa tinsomba ta kapenta, mayi wa mapemphero a moto ku mpingo wina wa ng'oma ndi magitala. Kunena zoona, kuitana awiriwa pamodzi kunali kutsekera atambala awiri m'khola limodzi.

"Mwaswera bwanji, alamu?" anatero Peggy akulowa. Fungo litamuwomba anagwira pamphuno. "Mayo ine! Mpaka kufika pamenepa? Zonsezi ndi ziphunzitso za abale anuwa, zouza anthu kuti kumwamba kuli kaundula wotsekedwa kale."

"Ine sindinatchule dzina la munthu," anayankha Ruben, nkhope ili yakugwa. "Ndinati chipulumutso n'chisomo. Wakufa sadzidzutsa yekha. Mulungu ndiye amasankha, amaitana, amakoka. Dongo silifunsa woumba."

"Amakoka ngati mbuzi? Ayi, bambo mkulu wa mpingo. Mulungu amagogoda, sathyola chitseko. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Alamu angokweza dzanja n'kunena ndi pakamwa pawo kuti ndalola, basi, dzina lalembedwa lero lomwe."

"Ndiye kuti wopulumutsa ndi dzanjalo, osati Ambuye?"

"Nanga mphatso imalowa yokha m'thumba?"

"Abale, madzi!" anafuula Ennie. Koma ndani akanamumva? Ruben anali atatsegula kale buku lake la Malemba, Peggy naye chala chili m'mwamba. Njovu zikamamenyana wovutika ndi udzu, ndipo udzu wa tsiku limenelo unali Ennie. Anatuluka panja n'kuyang'ana kummawa. Mitambo inali yakuda, ndipo phokoso la mtsinje, limene m'mawa silinkamveka, tsopano linkafika mpaka pabwalo.

Atabwerera anapeza Peggy atagwada pamutu pa wodwala.

"Alamu, nenani pambuyo panga. Mawu ochepa chabe."

"Alamu anga, musataye malovu," anatero Adamson motsitsa. "Inu mukuti ndifune. Ndayesa kufuna, mkati muno mulibe kanthu, muli gwa ngati mwala. Ndiye Ruben akunena zoona, sindinapatsidwe. Ndipo iwe Ruben, ukuti Iye amakoka. Zaka zonsezi bwanji sanandikoke? Nonse awiri mukunena chimodzi: ine ndatsala kunja."

Ruben anatseka buku lija pang'onopang'ono.

"Adamson, palibe munthu amene anaonapo maina a osankhidwa. Iwe unawaona kuti?"

"Ndinawaona pankhope pako uli pa guwa."

Ruben anagwetsa maso. Peggy anapukusa mutu n'kunena kuti munthu wamkulu sakakamizidwa, ngati wakana wakana, chofunika n'kupemphera kuti mtima wake ufewe. Ruben naye anati tisiye m'manja mwa Mwini, chimene analemba palibe angafafanize. Taonani zodabwitsa: anthu amene sanagwirizanepo chibadwire anagwirizana tsiku limenelo, ndipo anagwirizana zomusiya munthu pamphasa.

Apa m'pamene Ennie anapsa mtima.

"Nonse awiri mulibe manyazi! Inu asisi mukudikira kuti alole. Inu alamu mukudikira kuti kumwamba kugwe chingwe. Ine ndilibe sukulu ya Malemba, koma mwamuna wanga sawolera m'nyumba muno ine ndikuona. Zoti anakanidwa kaya sanakanidwe akazimva akafika, koma ine sindinamukane. Alamu, gwirani kumapewa!"

"Mayi a Queen, mukandikhudza ndikutembererani," anawopseza Adamson.

"Tembererani, bambo. Mukanditemberere ku chipatala."

Ruben anayang'ana mlamu wakeyo, kenaka anaika buku pa mpando n'kuvula jekete. Anamunyamula Adamson akukuwa, akutukwana mawu oti Peggy anatseka makutu, n'kumukhazika pa kaliyala ya njinga. Ennie anamumangirira ndi chitenje ku chishalo monga amamangira thumba la thonje. Ruben ankakankha, Peggy atagwira mwendo wodwalawo kuti usagunde sipoko, matope akumata matayala. Njira yonse Adamson manja anali atawapinda pachifuwa. Anakana ngakhale kugwira chishalo.

Atafika pa doko, mtima wa Ennie unagwa. Madzi anali ofiira, akuthamanga ndi zinyalala ndi nthambi. Bwato lowolotsa anthu linali litakokoloka kale. Kutsidya, dalaivala anaima pambali pa galimoto akuwakodola ndi dzanja kuti afulumire.

"Apa pamakhala ng'ona madzi akadzaza," ananong'ona Peggy.

"Ndibwezeni," anatero Adamson. "Mufera chiyani munthu wotayika kale?"

Ruben anavula nsapato, n'kugwada chofulatira. "Mimba imodzi inatinyamula tonse awiri, ndiye msana wanga ungakukane? Alamu, mukwezeni."

Anamubereka ngati mwana, Ennie n'kumanga chitenje chija pachifuwa pa Ruben. Analowa m'madzi, Ennie kumtunda kwa madzi atanyamula mwendo wowolawo m'mwamba, Peggy kumunsi akupemphera mofuula. Adamson manja anangowalekerera lendee m'mbali.

"Gwira khosi langa, iwe!"

"Sindigwira."

Madzi anafika m'chiuno, kenaka pachifuwa. Mchenga unkathawa pansi pa mapazi. Ali pakatikati, chinthambi chinabwera ndi liwiro n'kumumenya Ruben m'nthiti. Anapepesuka, mfundo ya chitenje n'kumasuka, ndipo Ennie anangoona nsalu yake ikupita ndi madzi. Mwendo uja unamupulumuka m'manja. Amuna awiriwo anamira onse.

"Bambo a Queen!" Ennie anakuwa mpaka mawu anathyoka. Anapapasa m'madzi, osagwira kanthu.

Kenaka mutu wa Ruben unavuuka, akutsokomola. Kumbuyo kwake kunali mutu wina. Manja a Adamson anali atazungulira khosi la mphwake, atakanirira zolimba moti Ruben maso anali atatuzuka. Nayenso Ruben dzanja lake linali kumbuyo, litakola lamba wa mkulu wake.

"Usandisiye, Ruben," Adamson ankalira ngati kamwana. "Usandisiye, mwana wa amayi!"

Anakwawira pa mchenga wa kutsidya onse anayi, akupuma mwawefuwefu. Dalaivala anathamangira kudzathandiza. Peggy, madzi akuchucha m'duku, analoza khosi la Ruben pomwe zikhadabo zinasiya mabala otuluka magazi.

"Mwaona? Wagwira yekha. Palibe anamuphunzitsa."

"Ndinali nditamugwira kale lamba tisanamire," anatero Ruben akusisita pakhosi. "Onani chala changa, chathyoka."

"Mukatsutsane pobwerera," anatero Ennie. "Nyamulani munthu."

Anamugoneka kumbuyo kwa galimoto, mutu uli pamiyendo ya mkazi wake. Thupi linali kuotcha, ndipo Ennie ankadziwa mumtima kuti mwendowo mwina sabwerera nawo kumudzi. Galimoto itayamba kuyenda, Adamson anatsegula maso.

"Mayi a Queen, dalaivalayu bwanji akuyenda ngati kamba? Muuzeni athamange."

Ennie anamenya denga la galimoto ndi chikhatho, misozi ikugwera pankhope pa mwamuna wake.